Kufunafuna ntchito ina uli kale pa ntchito: chinsinsi ndi chololedwa, bodza ndilo limachotsetsa

LILONGWE – Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zikafika m'maofesi m'mawa, masamba amene amayamba kuda ndi zala ndi a zidziwitso za ntchito. Owerenga masamba amenewa si anthu a pa ulova okha ayi. Ena ndi oti ali kale pa ntchito, ndipo amawerenga mozembera, khutu lili kukhomo, kuopa kuti abwana angatulukire.

Chilakolako chosintha ntchito chili ndi zifukwa zake. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Malipiro amene kale ankakwanira lendi, fizi ya ana ndi chakudya cha mwezi wonse anayamba kuthera pakati pa mwezi, moti kwa anthu ena apantchito njira yachidule yokwezera malipiro ndi kusamukira kwa wolemba ntchito wina.

Vuto ndi lakuti pakati pa tsiku lotumiza kalata yofunsira ntchito ndi tsiku lolandira yankho pamadutsa milungu, nthawi zina miyezi, ndipo makalata ena sayankhidwa nkomwe. Nthawi yonseyi banja limakhala likudalira malipiro a ntchito imene ilipo. Nkhani ikaululika msanga, munthu akhoza kupezeka kuti kumene amafuna kupita sanamutenge, pomwe kumene ali asiya kumukhulupirira. Akuluakulu sananame ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Malamulo a dziko lino saletsa munthu amene ali pa ntchito kufunsira ntchito ina. Gawo 29 la malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi likupereka kwa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa pa moyo wake kulikonse m'dziko muno. Gawo 31 likunena za ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito, pomwe gawo 21 likuteteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ake ndi mauthenga ake a pa lamya.

Nalo lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 silikakamiza wogwira ntchito kuuza abwana ake kuti watumiza kalata kwina kapena kuti waitanidwa ku intavyu. Chimene lamuloli likufuna ndi chakuti munthu akatsimikiza zochoka, apereke notisi yolembedwa. Nthawi imeneyo isanakwane, kukhala chete si mlandu.

Gawo 57 la lamulo lomweli likuti wolemba ntchito sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena kayendetsedwe ka kampani. Ngati chifukwacho chikukhudza luso kapena khalidwe, munthuyo ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Gawo 59 likutchula zolakwa zimene munthu angachotsedwe nazo popanda notisi, ndipo zina mwa izo ndi khalidwe loipa kwambiri, kunyalanyaza ntchito, kukana dala kumvera malangizo oyenera, komanso kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka.

Kufunsira ntchito ina sikuli pa mndandanda umenewu. Koma aliyense amene angauwerenge mofatsa aona kuti munthu wofunafuna ntchito mosasamala akhoza kugwera pa cholakwa chilichonse mwa zimenezi. Wazemba pa ofesi tsiku lonse kupita ku intavyu, ndiye kuti wajomba. Wakhala milungu iwiri akukonza CV ntchito ya ofesi itaima, ndiye kuti wanyalanyaza ntchito. Wabweretsa kalata ya chipatala yachinyengo, ndiye kuti wapalamula mlandu wa khalidwe. Apa abwana safunikanso kutchula za ntchito inayo, chifukwa munthuyo wawapatsa yekha chifukwa chimene lamulo likuvomereza.

Wina akhoza kufunsa kuti ngati lamulo likuteteza chonchi, chobisira nchiyani. Yankho ndi lakuti wolemba ntchito ali ndi njira zambiri zosonyezera kukhumudwa kwake popanda kuchotsa munthu. Dzina limangosowa pa mndandanda wa opita ku maphunziro. Udindo umene unali pafupi umapita kwa wina. Maulendo a kumadera, amene alawansi yake imathandiza mabanja ambiri, amaleka kubwera. Kwa iwo amene ali pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, monga momwe zimakhalira m'mabungwe ambiri omwe si aboma, kontirakiti imangotha pa tsiku lake osaonjezeredwa. Zinthu zoterezi ndi zovuta kuzipezera umboni, ndipo si mabwana onse amene amazichita, koma wogwira ntchito sangadziwiretu mtima wa abwana ake.

Mayeso aakulu amafika pa tsiku la intavyu, popeza nthawi zambiri imachitika mkati mwa sabata, pa maola a ntchito. Njira yoyera ndi tchuthi cha pachaka. Gawo 44 la Employment Act likupereka masiku osachepera 18 pa chaka kwa amene amagwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndi masiku osachepera 15 kwa amene amagwira masiku 5. Munthu amene akudziwa kuti wayamba kutumiza makalata amachita bwino kusunga masiku angapo, kuti akaitanidwa apemphe tsiku limodzi kapena awiri ponena kuti ali ndi zochita za iye mwini. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndi okwanira. Olemba ntchito ena amalolanso kusuntha intavyu kuti ichitike m'mawa kwambiri, pa nthawi ya nkhomaliro kapena kudzera pa intaneti, munthu akawafotokozera kuti adakali pa ntchito.

Mabodza awiri amene amathamangiridwa kwambiri ndi la matenda ndi la maliro, ndipo onse ndi oopsa. Tchuthi cha matenda chimayendera kalata ya dokotala, choncho bodza loyamba limabala lachiwiri. La maliro ndilo loipitsitsa pa chikhalidwe cha kuno. Anzake a pa ntchito akamva kuti mnzawo waferedwa amasonkha chipepeso, amafunsa mudzi ndi tsiku loika, ndipo kampani ina imatulutsa galimoto kuti anthu akakhuze. Munthu amene anapha azakhali ake ndi pakamwa kuti akapezeke ku intavyu ku Blantyre amasowa chonena galimoto ikayamba kufunsa njira ya kumudzi. Ngakhale bodzalo litapanda kugwidwa, tsiku limene maliro enieni adzagwe adzasowa poyambira.

Zovala nazo zimaulula. Munthu amene chaka chonse amabwera ndi malaya a manja aafupi akatulukira Lachitatu atavala suti ndi tayi, kenaka nkusowa pa desiki kuyambira 10 koloko mpaka masana, ofesi yonse imadziwa kumene wapita.

Chinthu chachiwiri ndi zipangizo za pa ntchito. Kompyuta, imelo, foni, intaneti ndi makina a fotokope a kampani ndi katundu wa wolemba ntchito, ndipo m'makampani ambiri muli malamulo olembedwa a kagwiritsidwe ntchito kake. Akatswiri oyang'anira makompyuta a pa ofesi akhoza kuona makalata amene adutsa pa imelo ya kampani ndi masamba a pa intaneti amene atsegulidwa. Munthu sangadalire kwambiri ufulu wa chinsinsi pa makalata amene walemba ndi kusunga m'makina a mwini wake. Ndipo kawirikawiri sipafunika nkomwe ukatswiri kuti nkhani ituluke. Satifiketi yoiwalika pa galasi la makina a fotokope, kapena tsamba lomaliza la CV limene latuluka mwini wake atachoka kale, zimatoledwa ndi aliyense wobwera pambuyo.

Choncho CV iyenera kukhala ndi nambala ya foni ya munthu mwini ndi imelo yake yapadera, ndipo makalata alembedwe kunyumba kapena kumalo olipira a makompyuta ndi fotokope a m'tauni. Foni ikalira pa ofesi kuchokera kwa amene akufuna kumulemba ntchito, palibe cholakwika kupempha kuti adzayimbirane pa nthawi yopuma. Galimoto ya kampani isapite kukasiya kalata yofunsira ntchito, chifukwa dalaivala amalemba ulendo uliwonse m'buku, komanso ali ndi maso ndi pakamwa.

Masamba a mchezo abweretsa zibowo zina. Pa LinkedIn, kuyambira mu 2020, munthu akhoza kuika chizindikiro chobiriwira pa chithunzi chake chosonyeza kuti akufuna ntchito, ndipo chimenechi chimaoneka kwa aliyense, kuphatikizapo abwana ake. Pali njira ina yoti uthengawo uzioneka kwa olemba anthu ntchito okha, koma eni ake a LinkedIn amachenjeza kuti ngakhale amayesetsa kuubisa kwa a kampani imene munthuyo akugwirako, sangalonjeze chinsinsi chathunthu. Pa Facebook ndi WhatsApp ngozi imachokera ku chisangalalo chamsanga. Chithunzi chojambulidwa pakhomo la kampani ina, kapena mawu othokoza Mulungu chifukwa cha khomo limene likutseguka, amawerengedwa ndi anzake a pa ntchito pasanathe ola. Ena amalakwitsa potumiza CV ku gulu la WhatsApp la pa ofesi m'malo mwa munthu mmodzi, ndipo ngakhale aifufute, amene anali pa foni amakhala ataiona.

Komabe chinsinsi chimatha kwambiri kudzera kwa anthu kusiyana ndi makina. Gulu la anthu a ntchito za m'maofesi m'dziko muno ndi laling'ono. Owerengera ndalama, anamwino, aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede, atolankhani ndi mainjiniya amadziwana kuchokera ku sukulu, amapemphera m'mipingo imodzi, amakumana ku zinkhoswe, ku maukwati ndi ku maliro. Amene wakhala pa gulu lofunsa mafunso ku City Centre mu Lilongwe akhoza kukhala mlamu wa abwana a munthu amene akufunsidwayo. Zimenezi munthu sangaziletse. Chimene angathe ndi kusaonjezera yekha pakamwa pena. Mnzake wa pa desiki yoyandikana, ngakhale akhale wokhulupirika, naye ali ndi mnzake amene amamukhulupirira, ndipo mwina akuyembekezera mpando umene ungatsale.

Nkhani ya anthu ochitira umboni ndi yofunika kuilingalira mofatsa. Zidziwitso zambiri za ntchito zimafuna maina a anthu atatu opezeka mosavuta amene angafotokoze za khalidwe ndi kagwiridwe ka ntchito ka wofunsirayo. Amene akusunga chinsinsi akhoza kutchula abwana a kumene anagwirako kale, mphunzitsi wake wa ku koleji, kapena mkulu amene anagwira naye ntchito koma anachoka pa kampanipo. Aliyense wa iwo apemphedwe kaye, ndipo auzidwe kuti nkhaniyi sinafike kwa abwana a panopa. Kulemba dzina la munthu osamuuza ndi kuika chinsinsi m'manja mwa munthu amene sakudziwa kuti ndi chinsinsi.

Ngati wolemba ntchito watsopano akuumirira kumva kwa abwana a panopa, wofunsirayo akhoza kupempha, m'kalata kapena pa intavyu, kuti zimenezi zichitike pokhapokha atasankhidwa. Pempho lotere ndi lachizolowezi ndipo silichotsera munthu ulemu. Lamulo la Data Protection Act la chaka cha 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, likufuna kuti uthenga wokhudza munthu ugwiritsidwe ntchito pa cholinga chimene unatengedwera. CV ili ndi uthenga wotere, choncho amene ailandira sayenera kuiyendetsa m'magulu a macheza.

Pali pena pomwe chinsinsi sichitheka. Ngati chidziwitso cha ntchito chikunena kuti amene ali kale pa ntchito adutsitse kalata yawo kwa akuluakulu a nthambi yawo, kapena ngati udindowo uli m'kampani yomweyo, njira imeneyo iyenera kutsatidwa. Apa ndi bwino kuti abwana amve kuchokera kwa mwini wake asanaone kalatayo pa tebulo.

M'chipinda cha intavyu, munthu amene adakali pa ntchito amakhala atanyamula zinsinsi ziwiri, chake ndi cha kampani imene ikumulipira. Chachiwirichi si chake kuti achigawe. Mndandanda wa makasitomala, mitengo imene kampani ikukonzekera kupereka popikisana ndi ena, ndi malipoti a zachuma siziyenera kutuluka pofuna kusangalatsa ofunsa mafunso. Kuchita zimenezi ndi kuphwanya kontirakiti, ndipo ofunsawo amadziwa kuti amene waulula za ena mawa adzaulula zawo. Chimodzimodzinso kunyoza abwana a panopa. Mwambi woti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, umagwira ntchito kwambiri m'dziko limene anthu a ntchito imodzi amadziwana maina.

Nthawi zina abwana amamva mphekesera nkumuitana munthu kuti amufunse maso ndi maso. Kukana kotheratu pamene kalata zili kale m'njira ndi kudzitchera msampha, chifukwa zoona zikadzatuluka mwezi wotsatira, chimene chidzakumbukiridwe ndi bodzalo. Munthu akhoza kuyankha kuti amaona mwayi umene umatuluka monga aliyense, kuti palibe chimene watsimikiza, ndipo kuti akadzatsimikiza adzatsata ndondomeko. Kukambirana kotere nthawi zina kumatsegula nkhani ya malipiro kapena udindo imene inali itakwiriridwa.

Kubisira ofesi sikutanthauza kubisira banja. Mkazi kapena mwamuna wa wofunsirayo ayenera kudziwa, popeza kusintha ntchito kumakhudza nyumba, sukulu za ana ndi thandizo la chipatala. Palinso chifukwa cha chitetezo. Akamberembere amadalira kwambiri munthu amene sakuuza aliyense zimene akuchita. Amatumiza uthenga wa ntchito yabodza nkupempha ndalama kudzera pa foni, ati zokonzera mafomu kapena zosungira malo. Nkhani za amayi a dziko lino amene anazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, zimene zinamveka kwambiri mu 2024, zinasonyeza kuopsa kotsata lonjezo la ntchito popanda kufufuza. Ntchito ya kunja kwa dziko ndi yofunika kuifunsa ku ofesi ya zantchito munthu asanapereke pasipoti kapena ndalama kwa wina aliyense.

Chinsinsi chiyenera kusungidwa mpaka kalata yolembedwa ntchito itafika m'manja, yosayinidwa, yotchula udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Lonjezo la pa foni silokwanira. Thandizo la ndalama limene bungwe limayembekezera likhoza kulephereka, kapena akuluakulu a kampani akhoza kusintha maganizo, ndipo amene anathamangira kutula pansi udindo amatsala padzuwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kalatayo ikafika, pali masamu oyenera kuwerengera munthu asanasayine. Gawo 26 la Employment Act likulola nthawi yoyeserera ntchito yosapitirira miyezi 12 kwa anthu a luso, ndipo mkati mwa nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wagwira zaka 10 pamalo amodzi akusiya chitetezo chokhazikika nkukayambanso pa mayeso. Ndalama zimene zimaperekedwa kwa amene achotsedwa kaamba ka kuchepetsa antchito sizipita kwa munthu amene wachoka mwa kufuna kwake. Ngongole ya ku kampani, kapena mgwirizano woti munthu agwire zaka zingapo atalipiriridwa maphunziro, zimafunika kubwezedwa malinga ndi zimene anasayinirana. Penshoni yokha ndiyo sitayika. Ndalama zimene wolemba ntchito amaika, zosachepera 10 peresenti ya malipiro, ndi 5 peresenti ya wogwira ntchito, zimasungidwa m'dzina la munthuyo ngakhale atasintha ntchito.

Pa za notisi, gawo 29 la lamuloli likuti amene amalandira malipiro pa mwezi apereke notisi yolembedwa ya mwezi umodzi. Umenewu ndi mlingo wochepetsetsa, ndipo makontirakiti ena, makamaka a maudindo akuluakulu, amafuna miyezi itatu. Amene wachoka osapereka notisi, abwana ake asanamukhululukire, ayenera kulipira ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Nchifukwa chake tsiku loyamba ntchito yatsopano liyenera kukambidwa munthu atawerenga kaye kontirakiti yake yakale. Woyamba kumva ayenera kukhala abwana ake enieni, pamaso, kalata ili m'manja, ndipo anzake a pa ntchito amve pambuyo.

Pochoka, gawo 31 likupereka ufulu wolandira chikalata chosonyeza dzina la wolemba ntchito, nthawi imene munthuyo wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chochokera chimalembedwa ngati mwini wake wapempha. Chikalatachi ndi chofunika kuchitenga nthawi yomweyo, popeza mabwana amasintha ndipo mafayilo amasowa.

Amene wachotsedwa ntchito chifukwa chongomveka kuti anafunsira kwina ali ndi kokadandaula. Lamulo likumupatsa miyezi itatu kuchokera pa tsiku lochotsedwa kuti akatule nkhani yake kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Ikakanika kumeneko imapita ku bwalo la milandu ya anthu apantchito la Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ku bwaloli udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu uli pa wolemba ntchito, ndipo likapeza kuti panalibe chilungamo likhoza kulamula kuti munthuyo abwezeretsedwe pa ntchito kapena apatsidwe chipukuta misozi. Amene ali membala wa bungwe la anthu apantchito akhozanso kupempha thandizo kwa atsogoleri a bungwe lake.

Milandu yotere imatenga nthawi, ndipo pa nthawi imeneyo malipiro amakhala ataima. Bwalo limayang'ana mapepala, monga fomu ya tchuthi yosayinidwa ya tsiku la intavyu, buku lolembamo nthawi yofika ndi yoweruka, malipoti a kagwiridwe ka ntchito a miyezi yomaliza, ndi makalata a chenjezo ngati analipo. Wogwira ntchito amene wayamba kufunafuna ntchito ina ayenera kusunga kunyumba makope a kontirakiti yake, mapepala a malipiro ndi mafomu ake a tchuthi, chifukwa tsiku lochotsedwa sapatsidwanso mpata wotsegula kabati ya mu ofesi.